Namwino wa Dzina Lobwereka

Amalawi a ku Bolton akamafotokoza za Matilda Chikopa amayambira pa msana wake. Zaka khumi ndi chimodzi zonyamula odwala mu wodi ya ngozi pachipatala china chachikulu zinamusiyira kayendedwe kopendekera, ngati ka munthu wonyamula ndowa yodzadza kudzanja limodzi. Anafika ku Mangalande mu 2002 atagwira kale unamwino zaka zisanu ndi chimodzi ku Blantyre, koma tsiku loyamba anamuphunzitsa kumanga bandeji, ngati kuti kwathu mabala timamanga ndi luzi. Matilda ndi munthu wokwiyira m'kati, amene ukamulakwira amangopukuta tebulo mwamphamvu.

Katatu konse anafunsira udindo wa sisita woyang'anira wodi, ndipo katatu konse udindowo unapita kwa atsikana amene iye yemweyo anawaphunzitsa kupeza mtsempha. Zifukwa sizinkasowa. Ulendo woyamba ankati sadziwa kudzichemerera pa intavyu, wachiwiri ankati amalankhula motsitsa, wachitatu ankati amalankhula mokweza. Ntchito yokhayo imene anamusiyira popanda womulimbirana nayo inali ya tenti yosambitsira anthu. Chipatalacho chinali ndi tenti yachikasu yoimika panja, kuti munthu wothiridwa mankhwala oopsa a m'fakitale asambitsidwe asanalowe m'kati. Kawiri pachaka ankayeserera, m'mphepo ndi m'mvula, atavala zovala za mphira zotentha ngati uvuni. Anzake ankazemba, dzina la Matilda n'kumakhala pamwamba pa ndandanda chaka ndi chaka, mpaka anafika poti tentiyo akanatha kuiimika atatsinzina.

Chivomezi ndi madzi osefukira zitaononga malo opangira magetsi a nyukiliya ku Japan mu 2011, eni malo otere ku Mangalande nawonso anayamba kusuzumira m'makona mwawo. Pamalo ena a m'mphepete mwa nyanja, ulendo wa ola ndi theka pa sitima kuchokera ku Bolton, anamanga nyumba yatsopano yothandizira pakagwa ngozi. Mu 2013 analengeza kuti akufuna anthu owonjezera: ozimitsa moto, oyendetsa magalimoto akuluakulu, ndi anamwino anayi odziwa kusambitsa munthu amene wagweredwa fumbi la poizoni. Inali ntchito ya masana, yopanda zidakwa za Loweruka zosanzira munthu pansapato, yopanda kutembenuza azibambo olemera ngati matumba a simenti. Msana wa Matilda unkaifuna ntchitoyi. Koma mtima wake unkaifuna kuposa msanawo, chifukwa kwa nthawi yoyamba anthu ankafuna chinthu chimene iye ankachidziwa kuposa onse.

Mwamuna wake, a Thompson, amene ankayendetsa basi m'tauni momwemo, anaona chikalatacho patebulo.

"Ndiye kuti, make Nthanda, mukufuna muzikagwira ntchito pamwamba pa bomba?"

"Si bomba, bambo a Nthanda. Ndi magetsi omwewa mukuonera mpirawa."

"Chabwino. Koma mukayamba kuwala ngati chiphaniphani mundiuze, tichotse babu kuchipinda."

Tsiku loyesedwa, ofunsira ntchitoyo anawalandira mkulu wa gulu la pangozi, dzina lake Ken, mzungu wa khosi lalifupi wosadziwa kumwetulira. Anawayendetsa m'nyumba yatsopanoyo, imene inali isanathe n'kupentedwa komwe. Inamangidwa pachitunda kuti madzi a m'nyanja asaifikire, inali ndi majenereta akeake, ndipo zitseko zake zikatsekedwa ngakhale mpweya wa panja sunkalowa. M'chipinda chosambitsira, madzi onse ankatsikira mu thanki yapansi kuti dontho limodzi lisathawire kunja. Matilda anayang'ana mipope yonyezimira ija, n'kukumbukira paipi yake ya ku Bolton yomangidwa ndi pulasitala, mpaka anachita nsanje.

Kenako anagoneka mnyamata wa pamalopo pansi, atamuwaza ufa umene umaoneka pokhapokha ukawalitsidwa ndi nyale yapadera. Ufawo unkaimira fumbi la poizoni. Namwino wina wa ku Preston anathamanga n'kuyamba kumuvula juzi chokokera kumutu.

"Siyani!" anakuwa Matilda. "Mukufuna alimeze fumbilo?"

Anatenga sizasi n'kudula juziyo kuyambira kukhosi kutsika, akuipinda chotulutsira kunja kuti mbali ya fumbi isakhudze khungu. Anaiponya m'thumba, namanga, naphimba bala lonamizira la pamkono, ndiyeno anayamba kusambitsa kuchokera kumutu. Ken atawalitsa nyale yake sanapeze kanthu, ngakhale kuseri kwa makutu. Anamuyang'ana Matilda n'kufunsa kuti, "Mwakhala mukubisala kuti nthawi yonseyi?" Patatha sabata kunabwera kalata yoti ntchito wapatsidwa, ndipo ndiye adzatsogolere anamwino atatu enawo. Chinangotsala n'chimodzi. Aliyense wogwira ntchito pamalo a nyukiliya amayenera kufufuzidwa mbiri yake ndi a zachitetezo.

Fomu yake inali ya masamba makumi anayi. Inkafuna nyumba zonse zimene munthu anakhalamo, mayiko onse amene anapondako, makolo, apongozi, ndi nambala ya msewu ya mudzi wa ku Ntcheu kumene kulibe msewu. Zonsezi Matilda anayankha akung'ung'udza. Koma patsamba lachiwiri panali funso limene analidumpha masiku atatu: kodi munayamba mwadziwikapo ndi dzina lina? Pansi pake panali timabokosi tiwiri, ka inde ndi ka ayi.

Apa mpofunika kubwerera m'mbuyo. Matilda sanabadwe ali Matilda. Anabadwa ali Dailesi Chimtengo, ndipo Dailesi analemba mayeso a Sitandade 8 kawiri osasankhidwa kupita ku sekondale. Masiku amenewo malo anali ochepa, moti kalasi ya ana zana inkatha kutulutsa awiri okha, kapena osatulutsa n'mmodzi yemwe. Mu 1989 dzina limene linatuluka pasukulu yawo linali la Matilda Chikopa, mwana wa amayi ake aakulu a Dailesi, wamkulu kwa iye ndi zaka ziwiri. Koma pamene zotsatira zinkafika, Matilda weniweniyo anali ndi pathupi pa miyezi isanu. Amalume awo anakhala pansi ndi akuluakulu a pabanjapo n'kugamula kuti malo asapite pachabe. Anamusokera Dailesi yunifomu, namuuza kuti kuyambira lero ukaitanidwa kuti Matilda uziyankha. Sizinali zachilendo. Kusekondale kuja anapeza atsikana ena angapo amene akaitanidwa ankayamba acheuka kaye kumbuyo asanayankhe.

Kuchokera pamenepo setifiketi, dipuloma ya unamwino, pasipoti, kalata ya ukwati, zonse zinali za Matilda Chikopa, pamodzi ndi tsiku lake lobadwa. Chaka chomwecho cha 2013 anzake a mu wodi anamugulira keke ya zaka makumi anayi, iye ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo anazimitsa makandulo onse. Dzina la Dailesi linangotsala m'buku la ubatizo ndi m'kamwa mwa okalamba.

"Chongani ayi," anatero a Thompson. "Anthu awa mukawapatsa kaulusi amakoka mpaka juzi yonse ithe."

Anachonga ayi.

Fomuyo inkafunanso mboni: munthu wolemekezeka, wosakhala wachibale, wokhala ku Mangalande, amene anamudziwa wofunsira ntchitoyo asanabwere m'dzikolo. Munthu wotero analipo mmodzi yekha. A Watson anali mphunzitsi wake wa Sitandade 8 ku Ntcheu, ndipo atapuma ntchito anabwera kudzakhala ndi mwana wawo ku Manchester, kumene anali mkulu wa mpingo. Ndi iwo amene mu 1989 anamuperekeza Dailesi pa basi kupita ku sekondale, atamunyamulira sutikesi. Ankadziwa zonse.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Matilda anaphika chigumu Loweruka lina, nakwera sitima ya ku Manchester kuti akapangane nawo. Anafika, anawapatsa moni wa manja awiri, anafunsa za mawondo awo, za mvula ya kumudzi, za maliro awiri atatu. Tiyi atathiridwa kachiwiri m'pamene anayamba.

"Aphunzitsi, anthu a fomuwa amafunsa zambiri. Ngakhale zakale zija."

"Zakale zija, Dailesi mwanangu, palibe amene akuzidziwa kuposa ine."

"Eya, ndiye ndimati mwina pali zina zimene... mwina si zonse zimene..."

"Mwanangu, ine ndinaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zinayi. Mainsipekitala ndathana nawo ambirimbiri. Kulankhula ndi anthu a boma ndimakudziwa. Imwa tiyi akuzizira."

Matilda anamwa tiyi. Kodi munthu wamkulu, mphunzitsi wako, mkulu wa mpingo, ungamuyang'ane m'maso n'kumuuza kuti mukaname? Kwathu nkhani yotere umangoikhudza m'mbali, wamkulu n'kumva yekha. Anabwerera ku Bolton mtima uli m'malo, akukhulupirira kuti amvana. A Watson nawonso anatsala akukhulupirira kuti amvana.

Patatha mwezi anamuitana ku ofesi ina ku Manchester. Wofufuzayo anali mayi wa tsitsi la imvi, dzina lake Edwina, wolankhula mofatsa ngati namwino wa ana. Anamupatsa madzi akumwa, natsegula faelo.

"Mboni yanu ndinacheza nayo maola awiri," anatero Edwina. "Ndi bambo abwino kwambiri. Anavala suti, ndipo anandikonzera tiyi. Amakunyadirani. Koma ndithandizeni, Dailesi Chimtengo ndi ndani?"

Edwina anayamba kuwerenga zimene analemba, ndipo m'mawu aliwonse Matilda ankawamva a Watson enieni, ataimika chala m'mwamba monga ankachitira m'kalasi. Anafotokoza za mwana wanzeru amene anamanidwa mwayi kawiri. Anafotokoza za banja lochenjera limene silinalole malo kutayika. Ananena kuti ana ambiri amene anapatsidwa mayina a anzawo anakasewera nawo, koma uyu sanalichititse manyazi dzinalo ngakhale tsiku limodzi, ndipo ngati boma likufuna munthu wokhulupirika, umboni wake ndi umenewu. Anatchula chaka, mwezi, ndi mtundu wa sutikesi. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma uwu anaukoleza okha, mwachikondi, atavala tayi.

"Zinkachitika kwathu," anatero Matilda. "Theka la anamwino amene ndinaphunzira nawo mukawagwedeza, m'thumba mwawo mugwa dzina lina. Sindinabe kanthu. Mayeso onse a pambuyo pake ndinalemba ndi mutu wanga."

"Ndikukhulupirira," anayankha Edwina. "Zimene akuluakulu anachita inu muli ndi zaka khumi ndi zinayi sindingakuimbeni nazo mlandu. Koma kabokosi aka munachonga chaka chino."

Anatembenuza fomuyo kuti Matilda aione. Kenako anafotokoza kuti pakagwa ngozi ndipo zitseko za nyumba ija zikatsekedwa, ayenera kudziwa bwinobwino amene atsekeredwa m'kati. Munthu wobisa chinsinsi, anatero, wina akhoza kudzamugwira nacho pakhosi n'kumuchititsa zimene sakufuna. Matilda anafuna kufunsa kuti ndani angayende kuchokera ku Ntcheu kudzaopseza munthu wosambitsa anthu, koma anangokanikiza manja pamawondo.

Komabe Edwina sanatseke chitseko. Anamupatsa masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu kuti abweretse kalata yochokera kwa mwini dzinalo, yodindidwa ndi loya, yofotokoza mmene zinayendera ndi kutsimikiza kuti dzinalo analipereka mwa kufuna kwake. Kalatayo ikafika, nkhani idzaunikidwanso, ndipo Ken wavomera kusunga malowo mpaka tsikulo.

M'sitima yobwerera Matilda anapsa mtima kwambiri. Anakwiyira a Watson ndi pakamwa pawo, anakwiyira a Thompson ndi juzi yawo, anakwiyira amalume amene anagona kumanda kalekale osasiya n'kapepala komwe. Anakwiyira Edwina chifukwa chofatsa, poti munthu wofatsa sungamulalatire. Mlandu suola, koma uwu unasankha nthawi yoipa kwambiri yodzukira.

Mwini dzina uja anali adakali ku Ntcheu, akugulitsa mbatatesi m'mphepete mwa msewu waukulu. Kumudzi onse ankamutchula kuti make Thomas, potengera mwana wa pathupi paja. Awiriwa sankadana. Ankaimbirana pa Khirisimasi ndi pa maliro, ankakambirana za mvula ndi za ana, koma m'zaka makumi awiri ndi zinayi nkhani ya dzina inali isanatuluke pakamwa pa aliyense wa iwo. Matilda anaimba masana a tsiku lotsatira, ali m'kachipinda kosungira mabulangete kuchipatala.

"Achemwali, ndili ndi vuto. Kuntchito yatsopano akufuna kalata yochokera kwa inu. Yokhudza za sukulu zija."

Pafoni pankangomveka malole odutsa.

"Mungolemba mmene zinayendera, kuti munalola. Kenako mupite nayo kwa loya pa boma akadinde. Basi, palibe chovuta."

"Mmene zinayendera," anabwereza make Thomas.

"Eya, achemwali."

"Ndamva, Dailesi. Ndilemba."

Masiku anayenda ngati akukwawa. Matilda ankathamangira pachitseko akangomva wa makalata, n'kumapeza timapepala totsatsa zakudya. Ken anaimba kawiri kufunsa ngati pali nkhani, chifukwa maphunziro a gulu latsopanolo ankayamba mwezi wotsatira. Envelopu inafika kutatsala masiku atatu. Inali ndi chidindo cha loya monga anapemphera. Kalatayo inalembedwa pamanja, m'Chingerezi choyera chopanda pofufuta, zilembo zake zoima mowongoka ngati za pasetifiketi. Matilda anaiwerenga ataimirira m'khonde, chikhoti chili paphewa.

"Ine ndine Matilda Chikopa, wobadwa pa 6 Juni 1973. Ndinakhoza mayeso a Sitandade 8 mu 1989 ndipo ndinasankhidwa kupita ku sekondale. Malo anga ndi dzina langa zinaperekedwa kwa mng'ono wanga Dailesi Chimtengo. Iye anali mwana, sanalakwe. Koma mwandipempha kuti ndinene kuti ndinalola, ndipo zimenezo sindinganene, chifukwa palibe amene anandifunsa. Ndinamva nkhaniyi telala atamaliza kale kusoka yunifomu. Mwana wanga atasiya kuyamwa ndinapita kukapempha kuti ndilembenso mayeso, koma anandiuza kuti Matilda Chikopa ali Fomu 2 ndipo sangakhalenso Sitandade 8. Ndinafunsa kuti nanga ine ndilembe ngati ndani, ndipo anandiuza kuti ndisavutitse anthu. Dailesi ndi namwino wabwino, mumupatse ntchitoyo. Koma ngati mukufuna Matilda Chikopa amene anakhoza mayeso aja, ndilipo, ndili ku Ntcheu."

Matilda anakhala pansi pamasitepe. Zoti mkulu wake anayesapo kubwerera kusukulu sankazidziwa. Kunena zoona, sanafunsepo. Zaka zonsezi ankadziona ngati munthu amene anatola chinthu chotayidwa n'kuchisamala bwino, ndipo manyazi amene anamugwira pamasitepe paja anali oposa a mu ofesi ya Edwina.

A Thompson atabwera kuntchito anaiwerenga kawiri, akupukusa mutu.

"Iyi musatumize, make Nthanda. Iyi ikukupherani ntchito. Imbaninso, muwapepese, alembe ina. Akhoza kujambula pafoni n'kutumiza lero lomwe."

"Ndiwauze kuti chiyani? Kuti alembe kuti anafunsidwa?"

"Ndi chiganizo chimodzi chokha."

"N'chokhacho chimene chatsala chawo, bambo a Nthanda."

M'mawa mwake anasinthana shifiti ndi mnzake, nakwera sitima ya ku Manchester. Sanafune kuti kalatayo ipite ndi positi. Anaipereka m'manja mwa Edwina, naimirira pomwepo mpaka mayiyo atamaliza kuwerenga. Edwina anavula magalasi n'kufunsa ngati akudziwa zimene zalembedwamo. Matilda anayankha kuti akudziwa, ndipo zonse n'zoona. Anatuluka akadali wokwiya, koma tsopano sankadziwa woti amukwiyire.

Yankho linabwera patatha milungu itatu, mizere inayi yokha. Chilolezo cha zachitetezo sichinaperekedwe, choncho ntchito ija yachotsedwa, ndipo akumufunira zabwino zonse. Pamwamba pa kalatayo analemba kuti: Kwa Matilda Chikopa, wodziwikanso kuti Dailesi Chimtengo. Chibadwire anali asanaonepo dzina lake lenileni litatayipidwa ndi makina, ndipo tsiku limene analiona linali pa kalata yomukana ntchito. Anaipinda, naiika m'chikwama, n'kupita kukadikira basi ya kuchipatala, poti shifiti yake inkayamba 2 koloko.